Anagwedeza Mutu Kawiri

Basi inachedwa. Pamzere, bambo wina wa jekete lotuwa anayamba kucheza ndi mayi amene ananyamula chitini cha penti. Mayiyo nkhope imeneyi anali asanaionepo.

"Penti yonseyi, mayi, mukumanga?"

"Ayi bambo, tikukapaka geti. Amuna anga ndi loya wa boma, aja ozenga anthu milandu kukhoti. Kuntchito kwawo ndale n'zoletsedwa. Kumsonkhano wa chipani sapita, malaya a chipani savala. Ndiye geti lathulo akuti mtundu wake ukufanana ndi wa chipani china."

"Mpaka geti?"

"Ndi makatani omwe tinachotsa! Munthu uja ngakhale pamaliro, andale akayamba kulankhula, amangoyang'ana nsapato zake."

"Amasamala ndithu. Komatu Lachiwiri anagwedeza mutu."

"Mwati bwanji?"

"Masana, mukudya, wotsutsa boma uja akulankhula pa wailesi. Anagwedeza kawiri, movomereza. Kenako anakupemphani mchere."

Mayi uja anatula chitini pansi.

"Bambo, m'nyumba muja tinalimo awiri okha. Chitseko chinali chotseka."

"Eya, mayi, musadandaule. Ifenso mu lipoti lathu tinalemba kuti munalimo awiri."