Madzi Omaliza a Mayi Kukua Arhin

Abusa, akuluakulu a banja la Arhin, anzathu a zisudzo, ndi nonse amene mwavala zakuda ndi zofiira lero: amene agona patsogolo pathupa ndi Mayi Kukua Mansa Arhin. Anabadwa Lachitatu m'chaka cha 1948 konkuno ku Anomabo. Bambo awo anali msodzi, mayi awo ankawamba nsomba. Ine amene ndikuwerenga ndine Bentsil. Sindine mbale wawo, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Ntchito yanga inali yotsogola: gulu la zisudzo lisanafike m'tauni, ine ndinkafika dzulo lake ndi belu ndi mapepala omata pamakoma. Miyendo inazolowera, moti mpaka lero sindikhala malo amodzi miyezi itatu. Anandipempha kuwerenga mbiriyi ndi mwana wawo, Ewurasi, ndipo anati, "Malume, nenani zonse. Musandibisire manyazi anga."

Malemu anayamba sukulu ya mpingo wa Metodisiti ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Analekeza kutatsala chaka chimodzi kuti amalize, chifukwa mayi awo anadwala ndipo uvuni wa nsomba unasowa munthu. M'chaka cha 1966 gulu lathu la ku Swedru linadzasewera kuno. Masiku amenewo mbali za akazi ankasewera ndi amuna ovala nsalu ndi duku, ndipo tsiku limenelo mwamuna wathu wa mbali ya mkazi wamasiye anasasa mawu. Nyimbo yake inamveka kuchokera m'gulu la oonera, kumbuyo kwenikweni, mtsikana wonunkha utsi wa nsomba akuyiimba yonse osaphonya liwu. M'mawa mwake anakwera lole yathu.

Anakwatiwa m'chaka cha 1970 ndi Bambo Kobina Essel, woliza lipenga wa gulu lomwelo. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Ewurasi, amene anakulira kuseri kwa ng'oma, kenako anaphunzira uzamba nakagwira ntchito kutali kumpoto, ku Bolgatanga. Bambo Essel anatisiya m'chaka cha 2003.

Dziko lonse linawadziwa malemu ngati apongozi ankhanza a m'sewero la Lamlungu pa wailesi ya kanema, mbali imene anasewera zaka khumi ndi chimodzi. Kumsika amayi ena ankakana kuwagulitsa tomato. "Iwe mfiti, kagule kwa mpongozi wako amene umamuzunza uja!" Iwo ankayankha kuti, "Ndiye ndipatse awiri oola, ndikamugende nawo." Zimenezo nonse mukuzidziwa. Ine ndikufuna ndikuuzeni zina, zimene ndinazitola m'njira.

M'chaka cha 1979 anasewera mu kanema wamfupi wophunzitsa anthu kusefa madzi akumwa, amene ankayenda naye pagalimoto m'midzi. Ndinamuonera ku Salaga, pa nsalu yomanga pakati pa mitengo iwiri. Malemu anali mayi wotupa mwendo ndi nyongolotsi ya m'madzi, akukwawira kumtsuko kuti amwetse mwana. Dzina lawo silinalembedwe n'komwe. Patapita zaka makumi atatu, mayi wina wa kumeneko anandiuza kuti amasefabe madzi chifukwa cha nkhope ya mayi wa pa nsalu uja. Kunalinso sewero lina limene linaonetsedwa kamodzi kokha, malemu ali mayi wosalankhula wosesa padepoti ya sitima. Tepi yake anaifufuta kuti ajambulirepo mpira. Latsala m'mutu mwa telala wina wa ku Nkawkaw, amene anandifotokozera lonse, makina ataima, misozi ikugwera pa nsalu ya eni ake.

Tsopano ndafika povuta. M'chaka cha 2004, ku Kumasi, malemu anapatsidwa mbali ya mayi womwalira mu kanema wina. Monga tichitira pa maliro alionse, panafunika mapepala olengeza, okhala ndi chithunzi cha womwalirayo. Wosindikiza anawadziwa nkhope, ndiye analemba dzina lawo lenileni m'malo mwa dzina la m'sewero. Mwini kanemayo anaseka nati, "Zisiyeni choncho, anthu ayambe kuyankhula." Amene anamata mapepalawo ndine. Ena ndinawamata padepoti pamene pamakwerera mabasi a kumpoto, chifukwa khoma lake linali labwino. Dalaivala wina anamatula limodzi nakalipereka kwa Ewurasi.

Mwanayo anali asanavule zakuda za bambo ake. Anayenda tsiku lathunthu akulira, amayi anayi a kumpingo kwake atamugwirizira. Anapeza chihema, mipando, anthu olira, bokosi lotsegula, mayi ake ali gone m'katimo, thonje m'mphuno. Anagwa pansi. Pamenepo mwini kanemayo anafuula kuti osewera ayambe apuma, ndipo malemu anadzuka, nachotsa thonje, naitanitsa nthochi zawo zootcha ndi mtedza.

"Ewurasi mwanawe! Wabwera liti? Ukulira chiyani?"

Oonera anaseka. Sanaseke mwankhanza, koma anaseka. Ewurasi anadzisasa fumbi nati, "Amayi, ine ndalira kale. Tsiku limene mudzafe zenizeni, adzakulireni a makamerawa." Anakwera basi yomweyo imene anabwera nayo. Makalata a mayi ake ankawabweza, lamya ankaidula. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinapita choncho.

Kuyambira tsiku la ku Kumasi lija, malemu mbali zazikulu anazikana. Ankalandira zazing'ono: wogulitsa kenke, nsima yathu yowawasa, pakona, agogo okhala pakhonde, wodwala wa bedi lachitatu. Ojambula anayamba kudandaula kuti akuwaonongera ntchito, chifukwa akangowapatsa mwana wamkazi m'sewero, kaya papepala alembapo dzina lanji, iwo ankatembenuka n'kunena kuti, "Ewurasi, patse madzi." Wina anawakalipira ine ndikumva: "Mayi, mawu amenewo mulibe m'pepalamu!" Iwo anati, "Mwanawe, m'pepala langa alimo. Ukafuna dula." Ambiri sankadula, poti ankawanena bwino kwambiri.

Mukudziwa mwambo wathu. Munthu akamatsirizika, wa magazi ake amamudonthezera madzi kukamwa, kuti akakwere phiri la kumeneko alibe ludzu. Malemu analibe mwana wina.

Kumpingo anali a chigwirizano cha amayi ndiponso otsogolera nyimbo zathu za Chifante. Masewero a Khirisimasi a ana a Sande sukulu ankawaphunzitsa ndi iwo, ndipo Herode aliyense amene anatuluka mumpingo muno anamuphunzitsa kukwiya ndi iwowa.

Matenda a impso anayamba chaka chatha. Mwezi wathawu anandiitanitsa kuchipatala ku Cape Coast, atandifunafuna milungu iwiri. Anati, "Bentsil, iwe galu woyendayenda, unamata ndiwe, ukamatulenso ndiwe. Pita kumpoto." Ndinati, "Achemwali, akandiona ine ndiye adzati ndi sewero lina." Anati, "Ndiye usakanene kanthu. Pakamwa pako mpamene pamaononga."

Sindinapite molunjika. Ndinadzera kwa ogulitsa zimbale zakale ku Kumasi ndi ku Techiman, ndipo ndinapeza zisanu ndi zinayi, zina zokandika, makanema amene ngakhale eni ake anawaiwala. Ewurasi ndinamupeza masana akuchokera kuntchito. Atandiona anaima pachipata.

"Malume Bentsil. Afanso?"

"Sanafe."

"Ndiye mwabwera kudzamata chiyani?"

Ndinamupatsa thumba la zimbalezo, ine n'kukhala pansi pa mtengo panja. Ndinkamva kanema akulira m'nyumbamo, iye akudumphitsa kufuna pamene pali mayi ake. Ndinamva mawu aja kamodzi, kenako kachiwiri. Mu kanema wina mtsikana wake dzina linali Patience, onse akumuitana Patience, koma agogo a pakhonde okha akuti, "Ewurasi, patse madzi." Pa chimbale chachisanu kanema anazima. Anatuluka atanyamula kachikwama, osatseka n'chitseko chomwe.

Tili m'njira anamwino anaimba lamya kuti malemu akukana kumwa. Ang'ono awo, Mayi Adoma, anayesa ndi sipuni, iwo n'kumangoluma mano. Anakhala choncho masiku awiri. Adokotala anati sakumvetsa chimene chikuwasunga.

Tinafika Lachisanu cha m'ma teni koloko m'mawa. Ewurasi anaima pakhomo la chipindacho nthawi yaitali. Ndiye ananena ndi mawu a kamwana, "Amayi, ngati mukusewera dzukani, ndakukhululukirani." Malemu anatsegula maso, nayang'ana uku ndi uku ngati akufuna wina, nati, "Lero kulibe kamera, mwanawe." Anapuma pang'ono, kenako ananena mawu awo aja, ulendo uno kwa mwini dzina. Ewurasi anawadzutsa mutu nawamwetsa masipuni atatu. Dzuwa lisanafike pamutu anali atapita. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za kudikira, anakhalira limodzi ola limodzi ndi theka.

Mapepala a maliro ano ndamata ndine, ndi manja omwewa. Ndinapempha ndekha. Padepoti ya ku Kumasi mayi wina wogulitsa madzi anawerenga nati, "Ameneyu amafa chaka ndi chaka, tidzamuona Lamlungu." Sindinamutsutse. Ndinalakalaka akanakhala kuti akunena zoona.

Malemu amwalira ali ndi zaka 75. Asiya mwana mmodzi, Ewurasi. Zidzukulu ziwiri, Kweku Atta ndi Baaba, zimene agogo awo anangoziona pa chithunzi m'mawa wa Lachisanu lija. Ang'ono awo Mayi Adoma Arhin. Mlongo wawo Bambo Fiifi Arhin. Ana a abale awo khumi ndi anayi. Ndi ife otsala a lole ya ku Swedru, amene tilipo atatu.

Mayi Kukua, ulendo uno simudzukanso kudzaitanitsa nthochi zootcha. Koma mwapita mutamwa. Apumule mu mtendere.