Njerwa Zathu Zinatilanda Bwalo la Ana

Bambo muulutsi, ndiwerengereni iyi, ndapsa mtima. Kuno ku Katete tinali ndi bwalo la mitengo ya mango pomwe ana athu ankasewera mpira. Tsiku lina bambo wina wa komiti ya chitukuko anati, "Amayi, umbani njerwa, timange zimbudzi za anthu onse." Monga mwa chizolowezi chathu tinaumba, tinatunga madzi, osafunsa pulani. Iwo anatchinga bwalolo ndi malata, mitengo n'kugwetsa. Atachotsa malatawo, tinaona nyumba yogulitsiramo mowa! Nditakalipa, bamboyo anandiyankha kuti, "Munali kuti pomanga?" Ndinali pomwepo, ndowa ili pamutu! Lero mwana wanga akusewera mumsewu, mwamuna wanga akuledzera m'nyumba ya njerwa zanga. Omvera anzanga, malata akazungulira bwalo lanu, musadikire kuitanidwa, kasuzumireni.