Majombo a Malemu Kabdesh Orazalin

Malemu bambo Kabdesh Orazalin anabadwa m'chaka cha 1947 m'mudzi muno, kuchigwa cha mtsinje wa Ili. Wowerenga mbiriyi ndine Sanzhar, mdzukulu wawo, amene ankati ndinapita ku yunivesite kukaphunzira kufunsa mafunso opanda ntchito.

Sukulu anaphunzira konkuno, kenako anakaphunzira kuyendetsa thirakitala. Pa famu ya boma ankadziwika ndi mizere yokhotakhota, chifukwa akafika pa mitumbira ikuluikulu ya anthu amakedzana ankailambalala. Akapitawo ankakalipa, iwo n'kumati chiwongolero n'chimene chili ndi vuto. Chiwongolerocho sichinakonzedwe mpaka famu inatha.

M'chaka cha 1970 anakwatira mayi Nesibeli, amene anakumana nawo akudyetsa nkhosa kumitumbira komweko. Mayiwo anatisiya m'chisanu cha 1989, ndipo anaikidwa m'manda akale a banja lathu, m'munsi mwa mtumbira waukulu. Malemuwa anasiya malo pambali pawo, ndipo aliyense ankadziwa mwini wake.

Famu itatha, kunayamba kubwera anthu okumba mitumbira kufunafuna golide. Malemuwa anayenda khomo ndi khomo, ofesi ndi ofesi, mpaka boma linatchinga malo onsewo ndi mpanda n'kuika lamulo: pasakumbidwe, pasachoke mwala kapena dothi. Manda a banja lathu anatsalira mkati. Mnzawo wapamtima, malemu Tolegen, ankawaseka kuti, "Kabdesh, mutu wakowo ndi wa nkhosa. Wamanga khola, wadzitsekera kunja." Iwo ankangoti, "Imwa tiyi, nkhalamba iwe." Boma linawalemba ntchito yolondera malowo pa hatchi, ndipo ngakhale ife adzukulu ankatipisa m'matumba pachipata.

Mzikiti wa m'mudzi muno utatsegulidwa, Lachisanu sankajomba. Akamadutsa pa mitumbira ankatambasula manja n'kupukuta kumaso monga timachitira pamanda a Asilamu. Shehe atawakumbutsa kuti ogona mmenemo anafa Chisilamu chisanadze, anayankha kuti, "Ndi aneba a mkazi wanga. Ndiziwadutsa osapereka moni?"

Chaka chatha anayamba kudwala mtima. Ana awo aamuna anafuna kukapempha boma chilolezo chapadera kuti adzagone pafupi ndi mayi Nesibeli, koma malemuwa anakana. Anati dzenje limodzi likaloledwa, lachiwiri silidzapempha. Tinawafunsa ngati tingadzatape dothi lodzaza dzanja pamanda a agogo aakazi, loti tidzaponye m'manda mwawo. Anakananso. Ine ndimakonda nkhani zozunguza mutu, koma iyi inandikanika: munthu agona bwanji ndi dothi la mkazi wake, popanda wokumba ndiponso popanda wotapa?

Asanagonekedwe, tsiku lina mvula itagwa, anandiuza kuti ndiwaperekeze pa galimoto mpaka pachipata. Analowa okha, pang'onopang'ono, ndipo anakhalitsa. Titabwerera, mayi anga a Zauresh, apongozi awo, amene akhala akulimbana nawo za matope chikwatiwire pakhomo pano, anawachingamira pakhomo n'kuwaitana monga tonse timawaitanira. "Ata, matope onsewa m'nyumba mwanga? Vulani ndikatsuke." Iwo anavula majombo awo n'kunena kuti, "Awa usatsuke, mwana wanga. Aike pamwamba, aume." Tinkayesa ndi ukalamba.

Anamwalira Lolemba m'mawa, kunyumba, ana awo ali pambali. Dzulo, ana awo aamuna akukangana zoti wina angodumpha mpanda, mayi anga analowa m'nyumba n'kutuluka ndi majombo aja. Matope anali atauma gwa, ofiira ngati a m'munsi mwa mtumbira waukulu. Lamulo lija ndaliwerenga lonse, ndipo za matope omata kumapazi a munthu wokaona mkazi wake silinenapo kanthu. Mayi agogoda majombowo pansalu yoyera iyi. Tikafika kumanda atsopano, dothi loyamba kuponya likhala limeneli.

Malemuwa asiya mlongo wawo mayi Kulyash, ana aamuna awiri, a Marat ndi a Serikbol, mwana wamkazi mmodzi, a Gulsim, apongozi atatu, adzukulu asanu ndi awiri, ndiponso hatchi yokalamba imene m'mawa uliwonse imakaimabe pachipata.

Ata, mpanda uli chilili, ndipo palibe wakumba. Apumule mu mtendere, pamodzi ndi dothi la mayi Nesibeli.