Mlendo Wofuna Kuwerenga Khodi

"Mukundiphera ntchito dala, a Sekeletale! Dala!"

Anakuwa motero Gerson, mnyamata amene anadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu pa foni yosweka galasi, mu ofesi ya koparetivi ya alimi a mtedza ku Chipangali. Kampani yogula mtedza inali itanenetsa kuti pulogalamu yake ya kaundula wa alimi iyambe yapimidwa ndi chida chofufuza mabowo, lipoti lifike ku Chipata isanakwane folo koloko, apo ayi ntchito ipita kwa anyamata a ku Lusaka. Chotsala chinali chakuti a Goodson Tembo, sekeletale wa koparetiviyo, mphunzitsi wopuma, adine "Lolani" pa foni yawo, poti nkhokwe ya pa intaneti yosungiramo khodi, malemba a pulogalamuyo, inali m'dzina lawo.

"Khala pansi," anatero a Tembo, uku akutsegula buku la alendo. "Mlendo wakoyo dzina lake ndani?"

"Si munthu, bambo! Ndi chida. Chingowerenga khodi, basi."

"Kwawo?"

"Pa intaneti."

"Mfumu yake?"

Gerson anagwira mutu. "Chilibe mfumu!"

"Chitupa?"

"Chilibe!"

A Tembo anatseka bukulo pang'onopang'ono. "Wopanda mudzi, wopanda mfumu, wopanda chitupa. Ngakhale pa malire a Mwami sangamudutsitse. Ine ndiye ndimulowetse m'nkhokwe?"

"Tamverani. Ndachipatsa chilolezo chochepetsetsa. Kuwerenga kokha. Kulemba ayi."

"Aa! Wowerenga za ena koma osalemba zake? Ndawaphunzitsa otero zaka makumi atatu. Onse anali obera mayeso."

"Ndipo chilolezocho chimatha pakapita ola limodzi!"

"Ola limodzi? Osamwa ndi madzi omwe? Akuthawa chiyani?"

Gerson anayang'ana wotchi ya pakhoma. Hafu pasiti filii. Ana a mabwana ku Lusaka amangodina okha. Iye, mwana wa mlimi wa thonje, ankayenera kupempherera chala cha munthu wina.

"Nanga akalowa afuna chiyani?" anafunsa a Tembo.

"Mabowo. Pomwe akuba angalowere. Mapasiwedi oiwalidwa poyera."

"Eya! Tiitane munthu wosamudziwa, timuyendetse nyumba yonse, timuonetse zenera losatsekeka. Kenako?"

"Kenako alemba lipoti."

"Wati salemba."

"Salemba m'nkhokwe! Amalemba panja!"

"Ndiye miseche imeneyo."

Gerson anamenya tebulo mpaka sitampa inadumpha. "Bambo Tembo, chonde, m'dzina la Mulungu, dinani!"

"Mulungu musiye. Komanso n'zosafunika. Ntchito ya mlendo wakoyo ndinaigwira kale ine."

Anatsegula kabati natulutsa mulu wa mapepala, ofiira ndi inki ngati mbuzi yaphedwerapo.

"Ichi n'chiyani?"

"Khodi yako. Ndinakasindikiza Lachiwiri pa Kapata. Ndachonga yonse."

"Mwasindikiza? Pa Kapata? Pamsika?"

"Makope atatu. Langa, la apampando, ndi la pa bolodi panjapo, alimi aziona okha. Koparetivi ino sitibisa kanthu."

Gerson anasuzumira bolodi panja. Makina opima amawakaniza pakhomo, koma aliyense wobwera kudzayezetsa thumba la mtedza wakhala akuwerenga khodi yake kuyambira Lachiwiri!

"Ziganizo zako sizimayamba ndi chilembo chachikulu," anapitiriza a Tembo, akunyowetsa chala. "Mabulaketi ngati nyerere. Ndakupatsa 31 pa handiredi. Koma bowo ndapeza limodzi. Tsamba 7."

Gerson anayang'ana pepalalo. Tsamba 7 analikumbuka. Mwezi wathawu, pofulumira, analemba pasiwedi ya kaundula m'kati mwa khodi momwemo, n'kudziuza kuti aichotsa mawa.

"Imeneyo ndisintha pompano," anatero ndi mawu a nkhuku yonyowa. "Mphindi ziwiri. Inu ingodinani."

"Ndidina." A Tembo anatenga foni, naimika chala pamwamba pa batani ngati kabawi pamwamba pa anapiye. Kenako anakweza magalasi n'kuwerenga mokweza, chilembo ndi chilembo. "Pasiwedi: TamiweWangaMpakaImfa."

Wotchi inati thi, thi, thi. Kunatsala mphindi khumi.

"A ku Chipata amati pasiwedi izikhala yaitali," ananong'ona Gerson.

"Yaitali ndaiona. Alimi onse aiona. Apampando andifunsa kale kuti ukwati ndi liti." A Tembo anaweramira kutsogolo, chala chili m'malere. "Mu kaundula yense wa Chipangali, mayina mazana anayi, Tamiwe alimo mmodzi yekha, mwana wanga, ndipo amagona m'nyumba mwanga. Mlendo wako wa ola limodziyo ndimulowetsa. Koma uyu winayu, wopanda ankhoswe, wopanda chilolezo, analowa liti, ndipo anadzera bowo liti? Ndiyankhe, Gerson!"