Singano m'manja mwa alendo

— Halo?

— Halo, Bambo, ndi Verlene. Ndapeza mwandifulasha katatu.

— Verlene wake uti? Ndinali naye mwana wa dzina limenelo, anapita ku Amereka.

— Musayambe, Bambo. Mwadzuka bwanji?

— Tadzuka. Kaya iwe, kaya uli kuti mwezi uno.

— Ndili bwino. Ndili ku Ohio tsopano, andipatsa ntchito ya unesi ya miyezi itatu. Azakhali a Icilda ali bwanji?

— Alipo. Mbuzi ziliponso. Denga likudontha pomwe paja. Wamaliza?

— Nenani msanga, ndangotuluka pang'ono. Odwala impso anga anayi ali pa makina otsuka magazi.

— Odwala ako! Ukutsuka magazi a anthu osawadziwa, bambo ako ku Jamaica kuno, ku Westmoreland, akutsukidwa ndi alendo.

— Izi tinakambirana kale.

— Ndinu amodzi nonsenu. Kubwera ndi kachikwama, miyezi itatu, mwanyamuka. Nesi uja wa ku Cuba, Yaneisi, anauzolowera mkono wangawu. Ankalowetsa singano pabowo lomwelo, mopendeketsa momwemo, osamva kuwawa. Wapita osatsanzika.

— Nthawi yake inatha basi. Sanabweretse wina?

— Kabwera kamwana. Kubaya katatu, kuphonya katatu. Mkono kutupa ngati chilazi. Ndinadzuka pampando n'kubwerako.

— Liti limenelo?

— Lachiwiri.

— Nanga Lachinayi anakubayani ndani? Halo? Bambo?

— Netiweki yavuta.

— Si netiweki, chikwanje chanu ndikuchimva bwinobwino. Lachinayi munapita?

— Sindinapite. Loweruka sindinapite. Mawanso sindipita.

— Sabata yathunthu osakhala pa makina? N'chifukwa chake mukupuma chonchi. Miyendo yatupa?

— Nsapato zakana, basi.

— Nanga mukudula chiyani?

— Kokonati. Madzi ake amatsuka mtima, aliyense pa Jamaica pano amadziwa. Ndikudzitsuka ndekha.

— Mwamwa angati?

— Uyu ndi wachitatu lero.

— Muikeni pansi. Bambo, ikani pansi! Mchere wa m'madzi amenewo impso zanu sizingautulutse. Umaimitsa mtima osachenjeza. Itanani aneba anu a Linval abwere ndi galimoto yawo, mupite kuchipatala pompano.

— Kukabayidwa ndi kamwana kaja? Bwera udzandibaye ndiwe. Si ndiyo ntchito yako?

— Ndiye zimene mwandifulashira?

— Zaka zisanu ndi zinayi ukuyendayenda ndi masingano. Mkono wanga sunaugwirepo.

— Chabwino, ndibwera. Koma ngakhale ndinyamuke mawa, kumeneko ndifika Lachitatu. Inuyo simufika Lachitatu, mukundimva?

— Ndiye ulongedzeretu diresi yakuda ija unavala pa maliro a amayi ako. Pajanso unafika mochedwa.

— Bambo, chonde. Ndiwaimbira ndekha a Linval. Akafika mutsegule chitseko. Ndilonjezeni.

— Chikulira kumeneko n'chiyani?

— Ndi makina a wodwala wina. Musadule, mphindi imodzi yokha, musa...

— Pita. Akukudikira.

— Bambo? Halo? Halo?