Ulendo wa Lusekero ku Chigwembe Chachikulu

Malemu mayi Lusekero Jobe anabadwa pa 9 Malichi 1985 ku Kasinje m'boma la Ntcheu. Tsikuli andiwerengera pa khadi la sikelo, ine sukulu sindinapondeko, ndimangodziwa kuti tinali titayamba kuotcha dowe. Ndine agogo awo, Nachisale, wobala mayi awo. Mayi awowo atatisiya mu 1991, mwanayu ndinalera ndine. Achibale ena amene lero akulira kuposa ine, nthawi imeneyo anali otanganidwa.

Sukulu anayamba mu 1992. Kumunda kwathu kunali chigwembe chimene chaka chilichonse chinkadya mizere iwiri itatu. Ana ena ankachiopa, koma malemuwa ankalowamo, n'kutulukamo diresi lili katondo yekhayekha, ine n'kuwakwapula. Mu 2004 anasankhidwa kupita ku Bunda, n'kukaphunzira za nthaka zomwezo. Ndiye mkwapulo wanga unangopita pachabe.

Mu 2011 anakwatiwa ndi bambo Spencer Jobe a ku Mulanje. Ndisanamepo, ukwatiwu ndinaukana, chifukwa mkamwini wosadziwa kugwira khasu ndinkamuona ngati chipongwe. Mu 2016 malemu anapeza ntchito kuno ku Nairobi, ku Gigiri, yoona za kukokoloka kwa nthaka, ndipo banja linakhazikika ku Ruaka.

Mu 2023 anawapeza ndi khansa, ine n'kubwera kudzadwazika. Ndinaona ndi maso angawa mkamwini amene ndinkamunyoza uja akusambitsa mkazi wake, kuchapa zofunda, kuphikira ana, kenako n'kuthamangira matatu, maminibasi a kuno, kupita kuntchito. Mu Seputembala 2024 madokotala anati mankhwala afika pothera.

Malemuwa anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachilakalaka kuyambira ali ku Bunda: kukaona Grand Canyon, chigwembe chachikulu cha m'chipululu ku Amereka. Bambo Jobe ankakana, ati ulendo ndi wautali. Ndinawakhazika pansi ndine, n'kuwafunsa kuti akumusungiranji, amutenge akadali ndi maso. Anapita mu Okutobala.

Atabwerako malemuwa anandifotokozera mpaka mawu kusasa. Ati ukaima m'mphepete, tsidya linalo umaliona ngati utsi, mtsinje uli pansi penipeni ngati ulusi. Miyala yake yofiira, ina yotuwa, yosanjikizana ngati zitenje m'sutukesi, ndipo dzuwa likamatuluka imasintha mtundu ukuyang'ana. Anthu ena amatsikiramo pamsana pa abulu. Iwo sakanatha, amuna awo ankangowakankha pa chikuku m'njira ya pamwamba. Koma pamalo pena anadzuka okha, kugwira chitsulo, n'kutsika mapazi makumi awiri, ati asadzanenedwe kuti anangosuzumira. Kumeneko anadya mbale yonse, munthu amene kwa miyezi ankangonyambita phala.

Cholakwa chawo chinali chimodzi: chithunzi cha pamalo pamenepo anachitumiza pa WhatsApp ya banja. Kumudzi ataona munthu wodwala waima pakamwa pa dzenje, anati malodza. Mpongozi wanga, akazi a mwana wanga Morris, amene ngakhale phala sanaphikireko wodwalayu, anayamba kuuza anthu pa mjigo kuti mkamwini wakaonetsa mkazi wake manda, akufuna kukhwima.

Malemu anatisiya pa 3 Febuluwale 2025 m'chipatala kuno, mutu uli pamkono pa amuna awo.

Tsopano a Morris, mwana wanga, malume a malemu, mwabwera kudzatenga maliro, tathokoza. Koma mwabweranso ndi mawu oti ana awiriwa akwere nawo ndege mawa, asadzabwererenso kwa bambo awo. Munaganiza kuti sindinamve chifukwa khutu limodzi linafa. Ndamva ndi linzake. Ndikunena pamaso pa bokosili ndi pamaso pa abusa: ulendo uja ndinalamula ndine. Wofuna mfiti ayambe ndi ine, ndili pano. Mbumbayi ndi yanga ndikadapuma. Ana akaika mayi awo kumudzi, abwerera kuno ndi bambo awo, ndipo Lolemba linalo akhala ali m'kalasi. Bambo Jobe, dzutsani mutu, mlandu mulibe. Mwana wanga munamusunga, n'kumufikitsa kumene ine sindikanamufikitsa.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, Mtisunge ndi Lily, malume awo a Morris ndi akazi awo, komanso ine amene ndinayenera kutsogola. Ndithokoze mpingo, anzawo a kuntchito, Amalawi nonse a kuno, ana a sukulu amene mwatiimbira, ndi aneba a ku Ruaka amene chilankhulo sitinkamvana koma ankagogoda ndi tiyi m'manja n'kunena kuti pole, pepani wa kuno.

Lusekero mwana wanga, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.