Chikombole cha Tizitsulo Tosanjikiza

Pamzere wa pasikelo, kogulitsira zitsulo zakale, bambo wachikulire anasuzumira katundu wa munthu amene anali patsogolo pake.

"Achimwene, tizitsulo topyapyala tonseti n'tachiyani?" anafunsa.

"Chikombole, madala. Ine ndimakhoma zidebe. Ogula akufuna zivindikiro mazana awiri pofika Lachisanu, ndipo ndi hamala sindingakwanitse."

"Chikombole amasema pachitsulo chimodzi chochindikala."

"Osema ndi makina anati ndidikire mwezi. Ndiye ndikudula tizitsuloti, kalikonse kocheperako pang'ono, n'kutisanjikiza, n'kumanga ndi mabawuti. Lata pamwamba, kenako n'kupanikiza ndi jeke ya galimoto."

"Zatheka?"

"Dzulo zinakanika. Ndinaiwala kusalaza m'mbali ndi tupa. Chivindikiro chinatuluka ndi masitepe, mpaka akazi anga anati nyerere zapeza pokwerera."

"Ine ndawotcherera zitsulo zaka makumi atatu. Chikombole chanucho chidzang'aluka."

"Chochindikala chija chikang'aluka mumatani?"

"Timataya."

"Changa ndidzangomasula mabawuti n'kusintha kamodzi kolakwako. Lachisanu zivindikiro zituluka basi."

"Tupa yanuyo njakuthwa?"

"Inatha mano."

"Yanga ili m'chikwamamu, tengani. Mudzandipeze pano Loweruka, mutanyamula tupayo ndi chivindikiro chimodzi chopanda masitepe."